KUGONA PA MSASA M'CIGWA CA LUANGWA

Ndilankhula ndi inu abale athu a ku migodi ya Kitwe, Mufulira, Chingola, Luanshya ndi Solwezi, pamodzi ndi inu okhala m'matauni a Lusaka, Kabwe ndi Ndola. Ambiri a inu kwanu ndi Kum'mawa. Nthawi ya chuthi ikafika mumakwera basi pa mseu waukulu wa Great East Road, mumatsika pang'ono pa ulalo wa Luangwa kugula nsomba zouma ndi madengu, mumagula nthoci pa Nyimba, ndipo dzuwa lisanalowe mwafika kwanu ku Petauke. Koma kodi ndi angati mwa inu amene anapatukapo pa mseu umenewo, natsikira ku cigwa, nagona usiku umodzi m'mbali mwa mtsinje umene mumauoloka caka ndi caka?

Ndidziwa cimene ambiri adzayankha. Adzati kugona m'thengo ndi kuonera nyama ndi masewera a alendo ocokera kutsidya kwa nyanja, anthu a ndarama zambiri. Mau amenewo sali oona. Pamene msonkho unayamba ndipo ndarama zinasowa m'midzi, makolo athu Ansenga ndi Aambo anali kuyenda pansi masabata angapo kukafuna nchito. Ena analoza kumadzulo, naoloka Luangwa, nakwera mapiri kufikira ku Broken Hill, kumene lero ticha Kabwe, kumene miyala ya mtobvu inapezeka mu 1902. Ena analoza kumwera, naoloka Zambezi pa Feira kunka ku migodi ndi mafamu a ku Southern Rhodesia. Ulalo woyamba wa pa Luangwa unamangidwa mu 1932, ndipo umene tipitapo lero unatsegulidwa mu 1968. Maulalo asanabwere kunali bwato ndi miyendo basi. Usiku uli wonse anthu aja anali kudula nthambi za minga, kumanga msasa, kusonkha moto, ndi kugona pakati pa mikango ndi njobvu; ndipo ambiri anafika ndi moyo cifukwa anadziwa mwambo wa m'thengo.

Mwambo umenewo ndiwo ulikutayika mwa ife a m'tauni. Tsono lero ndifuna kukufotokozerani za cigwa ca Luangwa, njira zofikirako kucokera ku Petauke ndi Nyimba, ndi m'mene munthu angagonere pa msasa osataya moyo wace, osalakwira lamulo, ndiponso osabvuta eni dziko.

Magonedwe a dziko

Mtsinje wa Luangwa uyambira ku mapiri a Mafinga kumpoto, nuyenda makilomita oposa 700 kufikira uthira mu Zambezi pa Feira, pamene lero pachedwa Luangwa Boma, moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambique. Kumadzulo kwa cigwa kwaima mapiri a Muchinga ngati linga. Cigwaco ciri pansi kwambiri kuposa Petauke, ndico cifukwa cace kumatentha koopsa ndipo mitengo yace ndi yosiyana ndi ya kumtunda. Kumtunda kuli miombo, koma ku cigwa mupeza tsanya, mlambe, bwemba, nsangu ndi mvunguti.

Malo a nyama ali a mitundu iwiri, ndipo ndi bwino kuti muisiyanitse musananyamuke. Woyamba ndi nkhalango ya boma, imene pa Cingerezi icedwa National Park. M'menemo simukhala midzi, simulimidwa, ndipo palibe wololedwa kupha nyama. Zambia iri nazo nkhalango zotere 20, ndipo ya pafupi ndi Petauke ndiyo South Luangwa, imene ukulu wace ndi masikweya kilomita 9,050. Mbali yace yaikulu iri kutsidya la kumadzulo kwa mtsinje. Mtundu waciwiri ndi malo ozinga nkhalango, ochedwa Game Management Area. M'malo amenewa anthu akhala m'midzi yao pansi pa mafumu ao, alima minda yao, ndipo nyama zikhala nao pamodzi. Kusaka kuloledwa kwa yekhayo amene ali ndi laisensi ya boma. M'dera la Nyimba muli West Petauke, m'maiko a mafumu Luembe, Nyalugwe ndi Mwape, kumene kuyenda mitsinje ya Lukusashi ndi Lunsemfwa. Kumpoto kwa Petauke kuli malo a Sandwe, amene kuyambira 2018 ali m'boma latsopano la Lusangazi. Kupitirira apo kuli Lupande, dziko la Akunda, kumene kuli Mfuwe ndi cipata cacikulu colowera m'nkhalango.

Pang'ono za mbiri

Anthu a ku Petauke ali ndi cifukwa cao ca iwo okha conyadira cigwa cimeneci. Nyamalikiti wa ku Luangwa sapezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi, ndipo dzina limene adziwika nalo m'mabuku linacokera kwa Bwanamkubwa wa pa Petauke, Harry Thornicroft, amene makolo anamucha Dongolosi. Iye anatumiza cikopa ca nyamayi ku London, ndipo mu 1911 akatswiri a kumeneko anailemba m'dzina lace. Nyamalikiti ameneyu alipo mazana owerengeka cabe. Nyumbu ndi mbidzi za m'cigwamo nazonso ziri ndi maonekedwe ao osiyana ndi za kwina.

Boma la atsamunda linayamba kuchinjiriza mbali ina ya cigwa mu 1904, ndipo mu 1938 linaika malire a malo osungira nyama kumwera ndi kumpoto. South Luangwa inakhala nkhalango ya boma monga tiidziwira lero mu 1972. Koma caka cimene ciyenera kukumbukika ndi 1950. M'caka cimeneco Norman Carr, amene anali wa nchito yoyang'anira nyama, anapangana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti ipatule mbali ya dziko lace, namangapo msasa woti alendo adzagone ndi kuona nyama zamoyo m'malo mozipha. Ndarama zimene alendo analipira zinapita ku thumba la anthu a mfumuyo. Carr yemweyo ndiye anayambitsa maulendo oonera nyama poyenda pansi, amene lero abukitsa Luangwa m'maiko onse. Anamwalira mu 1997. Muone tsono kuti nchito ya misasa m'cigwa muno inayamba ndi cilolezo ca mfumu ya kwathu, pa dziko la anthu a kwathu.

Nyengo ndi njira

Nyengo yabwino yopitira ndi kuyambira May kufikira October. Mu June ndi July masana ndi abwino koma usiku ndi mbandakuca kumazizira, cotero musasiye bulangete ndi jekete pongomva kuti ku cigwa n'kotentha. August ndi September ndiyo miyezi yoonera nyama bwino, pakuti udzu wauma, madambo aphwa, ndipo nyama zonse zisonkhana ku mtsinje. Mu September mbalame zofiira zodya njuci zibwera zikwi zambiri kudzaboola zisa m'magombe a mtsinje. October ali ndi nyama zambiri koposa, koma kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo si mwezi wotengera ana ang'ono kapena nkhalamba. Mvula ikayamba mu November kapena December, dothi lakuda la makande limasanduka phala, ndipo njira zambiri za m'cigwa zimatsekeka kufikira April.

Njira ziripo zitatu. Yoyamba ndi yosabvuta: pa ulalo wa Luangwa pomwepo, makilomita oposa 200 kucokera ku Lusaka, pali malo ogona apaulendo m'mbali mwa mtsinje, ndipo munthu wa pa basi angathe kutsika, kugona m'hema usiku umodzi, ndi kupitiriza ulendo wace m'mawa. Nyama zazikulu si zambiri pamenepo, koma ndi poyambira pabwino kwa amene sanagonepo panja. Yaciwiri ndi ya mseu wa tala: kupitirira Petauke, Sinda ndi Katete kufika ku Chipata, ndi kutsika makilomita ngati 130 kufika ku Mfuwe. Galimoto iri yonse ifika, ndipo mabasi ang'ono ayenda. Yacitatu ndi njira yakale yocokera pa Petauke kudzera kwa Sandwe ndi kwa Malama, kutsata mtsinje kufikira ku Mfuwe. Siifika makilomita 200, koma imadya tsiku lathunthu. Ifuna galimoto yolimba yokoka ndi mawilo onse anai, ipitika m'cilimwe mokha, ndipo ndi nzeru kuyenda magalimoto awiri, mutanyamula mafuta, madzi, fosholo ndi matayala apadera. Musananyamuke funsani ku ofesi ya zanyama ngati mitsinje ya mcenga yaphwa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kupempha malo

Kuyambira 2016 nkhalango zonse ziri m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife, motsata lamulo la nyama la 2015. Polowa m'nkhalango mulipira pa cipata, ndipo mbadwa ya Zambia ilipira ndarama zocepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wa kunja. Cotero musaiwale khadi lanu la boma losonyeza kuti ndinu mbadwa. Woyendetsa galimoto yace alowa m'mawa ndi kuturuka dzuwa lisanalowe. Saloledwa kutsika m'galimoto pali ponse pamene wafuna, kapena kupatuka pa mseu kuthamangira nyama. Simungangoimika hema m'kati mwa South Luangwa pamene mwakonda. Malo oimikapo mahema ali kunja kwa cipata, m'mbali mwa mtsinje pafupi ndi Mfuwe, ndipo musaganize kuti kumeneko kulibe nyama, pakuti mtsinje si mpanda: njobvu ndi mvuu zimayenda pakati pa mahema usiku uli wonse.

Mukafuna kugona m'dziko la midzi, monga kwa Luembe kapena kwa Sandwe, mwambo ndi umodzimodzi umene munaphunzira muli ana. Pitani kwa a nyakwawa, perekani moni, nenani kumene mucokera ndi cimene mwadzera, ndipo iwo adzakuonetsani pogona ndi kukupatsani munthu wodziwa dera. Dziwitsaninso asilikari a nyama, amene anthu awacha masikauti. Munthu wacilendo wopezeka m'thengo usiku popanda womudziwa amayesedwa wopha nyama mobisa, ndipo angabvutike asanafotokoze.

Kusankha pomanga msasa

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Fikani dzuwa likali m'mwamba, kuti muone pansi bwino lomwe. Munthu womanga msasa mumdima sadziwa cimene wagonapo.

Coyamba yang'anani njira za mvuu. Luangwa ndi umodzi wa mitsinje ya mvuu zambiri mu Africa. Masana zikhala m'madzi, koma usiku zimaturuka kukadya udzu, nthawi zina makilomita angapo kutali ndi mtsinje, ndipo zimatsata njira imodzimodzi masiku onse. Njira yace muidziwa ndi mpata wokumbika pa gombe, ndi mizere iwiri ya mapazi yokhala ndi kamtunda pakati. Musaimike hema pa njira yotere kapena pafupi nayo. Mvuu ikadzidzimuka imathamangira ku madzi, ndipo ciri conse coima pakati pa iyo ndi madziwo imacipondereza kapena kuciluma. Ngakhale ioneka yolemera, pamtunda ithamanga kuposa munthu.

Caciwiri yang'anani mtengo umene mufuna kugona pansi pace. Mthunzi wabwino koposa m'cigwa ndi wa mitengo ya zipatso, ndipo ndiyo imene njobvu zimaifuna. Pansi pa nsangu pamene nyemba zace zirikugwa, kapena pansi pa bwemba, mukaona ndowe za njobvu ndi nthambi zothyoka, dziwani kuti pamenepo ndi pa mbale ya eni ace, ndipo adzabwera usiku. Mvunguti uli ndi bvuto lina: zipatso zace zimalemera makilogalamu angapo, ndipo cimodzi cikagwa cingaswe galasi la galimoto kapena mutu wa mwana. Maluwa acenso amakoka agwape ndi nswala, ndipo kumene kuli nswala kambuku sakhala patali.

Cacitatu, musagone pa mcenga wa mtsinje wouma, ngakhale ndi wofewa ndi woyera. Ndiwo mseu wa nyama usiku, ndipo njobvu zimakumba madzi m'menemo. Kumayambiriro kwa dzinja mvula ingagwe ku mapiri a kutali inu osaiona, madzi n'kufika usiku mwadzidzidzi. Musagonenso pa mphepete peni peni pa gombe, pakuti magombe a Luangwa ndi a dothi lofewa ndipo amagumuka. Malo abwino ndi okwera pang'ono, oyera, amene muona mbali zonse, otalikira ku madzi ndi ku zitsamba zowirira.

Moto, madzi ndi cakudya

Lambulani udzu ndi masamba mozungulira musanakoleze moto. M'cilimwe mphepo imodzi ikwanira kunyamula lilime la moto kuliponya m'udzu, ndipo moto wa mu September kapena October umapsereza msipu umene nyama zikadadya kufikira mvula, nupha mitengo ing'onoing'ono, nufika ngakhale ku nkhokwe za anthu. Tolani nkhuni zouma zokha. Tsanya ndiye nkhuni yabwino koposa, pakuti cikuni cimodzi cimanyeka pang'ono pang'ono usiku wonse. Koma cigogodeni pansi musanacinyamule, cifukwa zinkhanira zimabisala m'makungwa ace. Pocoka thirani madzi, bvundulani phulusa, thiraninso, kufikira mungathe kuikapo dzanja. Ndipo musakhulupirire kuti moto uthamangitsa zirombo zonse. Fisi saopa moto kweni kweni, ndipo mkango umadutsa pafupi nao osasamala.

Madzi akumwa nyamulani okwanira, malita osacepera anai kapena asanu pa munthu mmodzi tsiku liri lonse m'nyengo yotentha. A mumtsinje muwaphitse kufikira awire. Musasambe, musacape, ndipo musatsuke mbale mu Luangwa kapena m'thamanda liri lonse, ngakhale madzi afika m'maondo mokha. Ng'ona imaonerera munthu masiku angapo, niphunzira malo ndi nthawi imene amatunga. Ngati kutunga kuli kofunika, imani patali pamalo okwera, ponyani ndowa yomanga ku cingwe, ndipo mawa mutunge pena. Ana asayandikire madzi ndi pang'ono pomwe.

Cakudya cisagone m'hema. Citsekereni m'galimoto kapena m'bokosi lolimba. Anyani ndi apusi a pa misasa anazolowera kuba, ndipo amatsegula matumba ndi mapoto msanga kuposa mwana. Musawapatse kanthu, pakuti nyani wozolowera kupatsidwa amayamba kulanda ndi kuluma, ndipo potsiriza amawombedwa cifukwa ca cifundo ca munthu wosadziwa. Njobvu imamva pfungo la malalanje ndi zipatso zina kutali, ndipo ingang'ambe hema pozifuna. Mafupa ndi makombo zimaitana fisi. Zinyalala zonse, mabotolo ndi mapepala a pulasitiki, mubwerere nazo.

Usiku

Kukada, lowani m'hema ndi kutseka khomo lace lonse. Ambiri amadabwa kuti nsaru yopyapyala ingacinjirize munthu kwa mkango, koma zaoneka kwa zaka zambiri kuti zirombo zimaona hema lotsekedwa ngati culu kapena mwala, nizilambalala. Ngozi imagwera amene wagona panja, kapena amene waturutsa mutu kapena phazi cifukwa ca kutentha. Fisi amaluma nkhope ya munthu wogona. Mukamva njobvu irikuthyola nthambi pafupi, khalani cete, musapfuule, musaiwalitse toci m'maso, ndipo musaturuke. Idzaponda mosamala pakati pa zingwe za hema nipita. Mukafuna kuturuka usiku, unikani mbali zonse poyamba, ndipo musapite patali. M'mawa kutumulani nsapato musanabvale. Njoka ikaluma munthu, makamaka mphiri imene imagona pa njira osathawa, musateme pa bala, musayamwe, ndipo musamange cingwe colimba; mgonekeni, ciwalo cisagwedezeke, ndi kuthamangira naye ku cipatala. Dziwiranitu cipatala ca pafupi, kaya ndi ca Nyimba, ca Petauke kapena ca Minga.

Koma kunena zoona, tizirombo tating'ono ndito tibvulaza anthu ambiri kuposa mikango. Udzudzu wa m'cigwa uli ndi malungo caka conse. Gonani m'masikito, bvalani zofika m'mikono ndi m'miyendo dzuwa likalowa, ndipo funsani ku cipatala za mankhwala oletsa malungo musananyamuke, makamaka cifukwa ca ana obadwira m'tauni ndi amai apakati. Masana kuli kashembe, nchenche yoluma imene ikhala m'nkhalango za tsanya. Imakopeka ndi nsaru zakuda ndi zobiriwira ngati thambo, ndico cifukwa misampha yace imapangidwa ndi nsaru za mitundu imeneyo. Tsono bvalani khaki kapena zotuwa, ndipo tsekani mazenera a galimoto podutsa m'tsanya. Kashembe wina amanyamula matenda a kaodzera. Mtundu woopsa wa matendawa unadziwika koyamba mu 1910 mwa munthu amene analumidwa m'cigwa ca Luangwa comweci. Masiku ano sagwira anthu ambiri, koma akagwira amapha ngati sacizidwa msanga, ndipo amayamba monga malungo. Tamverani bwino apa, inu a ku migodi: mukabwerera ku nchito, ndipo patapita sabata imodzi kapena atatu mumva kutentha thupi ndi mutu, kapena muona cotupa cowawa pamene munalumidwa, pitani ku cipatala tsiku lomwelo ndi kumuuza dokotala kuti munali ku Luangwa. Mau amenewo angapulumutse moyo wanu, pakuti dokotala wa ku Kitwe sayamba kuganiza za kaodzera ngati simumuuza.

Kuyenda pansi

Cokondweretsa koposa m'cigwa ndico kuyenda pansi m'mamawa, koma m'nkhalango lamulo lifuna kuti mukhale ndi mtsogoleri wophunzira nchitoyo pamodzi ndi sikauti wa mfuti, ndipo ana ang'ono satengedwa. Muyenda mondondozana, sikauti patsogolo, osalankhula mokweza. Iye amasamala mphepo, kuti pfungo lanu lisapite kwa nyama. Adzakuonetsani mapazi a kambuku amene anadutsa usiku, adzakuuzani tanthauzo la kukuwa kwa anyani, ndipo adzakulambalalitsani pa citsamba pamene pagona kakuli, ndiyo njati yamphongo yokalamba imene yasiyana ndi gulu, nyama yoopsa kuposa mkango. Lamulo lalikulu ndi limodzi: citani cimene sikauti anena, ndipo musathawe. Mkango umathamangira cothawa. Mfutiyo njochinjiriza moyo pakagwa tsoka, ndipo sikauti wabwino amatha zaka zambiri osaiwomba.

Musayembekeze kuona zonse tsiku limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani pa gombe madzulo ndi ana anu, muone njobvu zirikuoloka mtsinje zitaika ana pakati, mumve nkhwazi irikulira, mbalame yomwe ija iri pa mbendera yathu. Ana ambiri a m'komboni aidziwa pa ndarama ndi pa mbendera pokha.

Eni dziko ndi mawa

Tisatsirize tisananene za anthu amene akhala ndi nyamazi masiku onse. Kwa inu njobvu ndi cinthu cokongola ca pa chuthi. Kwa mlimi wa kwa Sandwe kapena kwa Nyalugwe, njobvu ingathe munda wa cimanga usiku umodzi, ndipo iye amagona pa nsanja miyezi yathunthu kuomba zitini. Amai otunga madzi ndi asodzi amagwidwa ndi ng'ona. Lamulo linakhazikitsa mabungwe a anthu a m'midzi, ochedwa Community Resources Board, kuti gawo la ndarama zocokera ku nyama lizibwerera kwa iwo ndi kwa mafumu ao. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003, limagula mtedza, mpunga ndi uci kwa alimi amene apereka mfuti ndi misampha yao ya waya. Inunso mungathandize. Gulani nkhuku, masamba ndi madengu m'midzimo pa mtengo woyenera, ndipo lipirani bwino wokuperekezani, kuti aone kuti nyama yamoyo imabweretsa kanthu.

Ndipo pali cinthu cimodzi cimene ife a m'tauni tiyenera kubvomera. Nyama ya m'thengo yowamba imene imagulitsidwa mobisa pa mseu ndi m'makomboni, wogula wace ndi ife. Waya amene anakola nswala imeneyo sasankha. Amakolanso mkango, nyamalikiti ndi citamba ca mwana wa njobvu. Kukhala ndi nyama yotere popanda cikalata ndi mlandu, ndipo wopezeka ndi minyanga alandira zaka zosacepera zisanu m'ndende. Ngakhale nyanga kapena pfupa limene mwalitola pansi m'nkhalango, lisiyeni pomwepo. Tiri nalo phunziro lowawa. Mu 1973 njobvu za m'cigwa ca Luangwa zinawerengedwa kuti zinali zoposa 80,000, ndipo zipembere zinali zikwi. M'zaka makumi awiri zotsatira njobvu zambiri zinaphedwa cifukwa ca minyanga, ndipo cipembere cakuda cinatheratu, kotero kuti mu 1998 cinalengezedwa kuti mulibenso m'Zambia. Kuyambira 2003 zipembere zowerengeka zinabwera pa ndege kucokera ku South Africa, nizikhazikidwa ku North Luangwa, kumene zilondedwa usana ndi usiku. Agogo athu anali kuthawa cipembere pa njira ya ku Kabwe. Ife tinacita kucipempha kwa ena.

Comweco, abale anga, pa chuthi cimene cirikudza patulani masiku awiri kapena atatu. Gwirizanani mabanja awiri kapena atatu, sonkhani za mafuta, bwerekani hema, ndipo ngati kumudzi kukali nkhalamba imene inayendapo m'cigwa, itengeni ikaphunzitse adzukulu kuwerenga mapazi pa mcenga. Fikani kukali kowala, pemphani malo, pewani njira ya mvuu, tsekani hema, zimani moto, ndipo musiye pamalopo monga munapapeza.